Chinsinsi cha kudambwe ndi milandu yosowa mwini ku Mchinji

Anthu akamaliza kukolola ku Mchinji, ng'oma zimayamba kulira madzulo m'midzi ya kwa Mavwere, kwa Mkanda ndi kwa Dambe. Ndi nyengo ya ziliza, chinamwali ndi kulonga mafumu. Ndi nyengonso imene madandaulo amachuluka: mnyamata wagwidwa panjira n'kukametedwa kudambwe, malo obisika a nyau, asakufuna, mayi wathamangitsidwa ndowa ili pamutu, mtsikana wabwerako kunkhuni akulira koma sakunena kanthu. Mukafunsa kuti wachita ndani, amangoti ndi zilombo za gule wamkulu. Ndiye chilombo mungachiitanire pabwalo la milandu?

Kale gule anali ndi malire ake. Si mfumu iliyonse inkatulutsa gule, koma yokhayo yokhala ndi mzinda, ndiko kuti ufulu wokhala ndi dambwe ndi bwalo la gule, ndipo chikalakwika chinthu anthu ankadziwa khomo lokagogoda. Mnyamata ankapita kudambwe akuluakulu a kwawo atavomera, nkhuku itaperekedwa, phungu ali pambali pake. Ankamumanga nsalu kumaso. Chikwapu chinalipo, tisaname, ndipo mwana wamwano ankachilawa kuposa anzake. Pomaliza ankalumbira kuti zimene waona sadzauza munthu wosameta, ngakhale mayi ake omubala kapena mkazi amene adzagona naye nyumba imodzi.

Kuti lumbiroli ligwire chonchi, chikamwini chinathandizira. Mwamuna wa Chichewa ankakhala kwawo kwa mkazi, kulima munda wa apongozi, pomwe za ana ake ankagamula ndi amalume awo. Kudambwe kokha ndi kumene akamwini ochokera m'midzi yosiyanasiyana ankakhala eni malo. Munthu wotero kumuuza kuti apereke mnzake wakudambwe kwa mfumu kapena kupolisi, ndi nkhani yovuta.

Kenaka kunabwera adani akunja. Atsamunda atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898, boma lawo linakhazikika pa Fort Manning, pomwe lero timati Mchinji. Ansembe a Chikatolika anatsegula mishoni ya Kachebere mu 1903, a Dutch Reformed nawonso anali kumwaza sukulu m'midzi ya m'chigawo chapakati. Mipingo yonse iwiri inkati nyau ndi zachikunja, ndipo Mkhristu wopezeka kudambwe ankadulidwa mumpingo. A gule anabwezera m'njira zawo. Anasema chigoba cha Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, anatulutsa Maliya, n'kumawavinitsa pabwalo anthu akufa ndi phwete. Koma njira ina inali yowawa: kukokera ana asukulu kudambwe, kuti mphunzitsi apeze kalasi yopanda anthu. Kumeta munthu mokakamiza kunasanduka chida cha nkhondo, ndipo chinsinsi chinakhala linga lotetezera mwambo. Nkhondoyo inazirala, chidacho sichinabwezedwe.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Kamuzu Banda, Mchewa wa ku Kasungu, anakweza gule kufika pamisonkhano ya chipani. Masiku amenewo kudandaula za vilombo kunali kudziputira nkhani.

Amayi ndiwo ali pamalo ovuta kwambiri. Gule savinika popanda iwo: ndiwo amaimba, amaomba m'manja, amayankha nyimbo zotukwana zija mopanda manyazi, chifukwa pabwalo mwambo umalola. Koma akakumana ndi chilombo chotchedwa kapoli panjira yakudimba, thupi lonse matope, nthenga kumutu, chikwanje m'manja, mayi amapatuka, kugwada, kuponya kandalama pansi osayang'ana kumaso. Mwina mapazi a chilombocho wawazindikira, ndi a mwana wa mnansi wake. Akatchula dzina, mlandu umatembenuka, wolakwa ndi iyeyo chifukwa waulula za kudambwe. Kuchinamwali cha atsikana nakonso kunali chinsinsi chake. M'midzi ina namwali akatha kulangizidwa ankamutumizira fisi usiku, mwamuna wosankhidwa ndi akuluakulu, ndipo funso loti mwanayo akufuna kapena ayi silinkafunsidwa n'komwe.

Edzi itayamba kutha anthu, zimenezi zinayamba kukambidwa poyera. Malamulo anatsatira: loteteza ana la 2010 limaletsa miyambo yovulaza mwana, la Gender Equality Act la 2013 limaletsa miyambo yoipa ndi nkhanza zokhudza kugonana, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mbali inayi, UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inalemekeza gule wamkulu mu 2005 ngati chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Kalonga Gawa Undi, amene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakamulamba ku Mkaika ku Zambia chaka ndi chaka, wakhala akudzudzula za fisi ndi kukwatitsa ana.

Mafumu ambiri amati ochita zachipongwewa si agule enieni, ndi anyamata oledzera ongobisala m'zigoba. Pali choonadi pamenepo, chifukwa gule wotuluka popanda chilolezo cha mwini mzinda ndi mlandu ngakhale pamwambo. Komabe anyamatawo anameta, zigobazo amazitenga kudambwe, ndipo atsabwalo, akuluakulu oyang'anira gule, amawadziwa mmodzimmodzi. Nkhani ikafika kupolisi, khoti limaweruza munthu ndi dzina lake, za chilombo silizidziwa. Zambiri sizifikako. Zimathera pakhonde la mfumu, ndipo kawirikawiri amene amatulutsa nkhuku kapena ndalama ndi abale a mnyamata wogwidwa uja, kuti akamuwombole.