Mafuta sakhala m'nyanja za pansi pa nthaka

Kwa zaka zambiri anthu akhala akunena kuti mafuta amakhala m'nyanja zobisika pansi pa nthaka, ndipo kuti mpweya wa carbon dioxide umene makampani okumba mafuta amaupopera kumeneko umadzaza mapanga amene tsiku lina adzaphulika. Zimenezi si zoona. Mafuta amakhala m'timabowo ting'onoting'ono ta miyala, ndipo mpweyawu, womwe suyaka n'komwe, ukafika pakuya kopitirira mamita 800 umapanikizika kukhala ngati madzi n'kusakanikirana ndi mafuta otsalira kuti atuluke, pomwe thanthwe losalowa madzi la pamwamba limautsekera. Ku Texas, m'dziko la America, njira yotulutsira mafuta ndi mpweyayi inayamba mu 1972. Chodetsa nkhawa chenicheni ndi zitsime zakale za mafuta zosatsekedwa bwino, zimene zingathe kutulutsa mpweyawo.

Kuti mumvetse mmene miyala imasungira mafuta, thirani madzi pa njerwa yowotcha muone mmene ikuwamwera. Musafalitse uthenga wosatchula malo, kuya kwake ndi amene anayeza.