Dzuwa silifika paliwombo 12 koloko ndendende

Ambiri tinakula tikumva kuti dzuwa likafika paliwombo ndiye kuti yakwana 12 koloko, ndipo wotchi ya mthunzi (yosonyeza nthawi ndi mthunzi wa kamtengo padzuwa) ikasiyana ndi ya pafoni timati ndi yowonongeka. Ayi ndithu, wotchiyo ilibe mlandu.

Nthawi ya ku South Africa imawerengedwa kuchokera pa mzere wa madigiri 30 kummawa, pomwe Johannesburg ili pa 28. Digiri iliyonse ndi mphindi 4, choncho kuno ku Johannesburg dzuwa limachedwa ndi mphindi pafupifupi 8 chaka chonse. Palinso kusiyana kwina kosintha ndi miyezi, chifukwa dziko silithamanga liwiro limodzi pozungulira dzuwa, komanso ndi lopendekeka madigiri 23.4. Kumayambiriro kwa Novembala dzuwa limafulumira ndi mphindi 16, pakati pa Febuluwale limatsalira ndi 14. Mukaphatikiza ziwirizi, mthunzi umafupikitsitsa cha m'ma 11:52 mu Novembala, koma 12:22 mu Febuluwale.

Chonde, poyika wotchiyo musaipotoze kuti igwirizane ndi foni tsiku limenelo, chifukwa mwezi wamawa idzakunamizani. Kamtengo koponya mthunzi kaloze kummwera kwenikweni, osati kumene kampasi ikuloza, ndipo ku Johannesburg kadzuke madigiri 26 kuchokera pansi.