Opera si ya anthu olemera okha ayi

Ndatopa nako kumva zakuti opera ndi ya mabwana ovala masuti, ndipo kuti wosadziwa Chitaliyana asayerekeze n'komwe. Zaka zapitapo anthu akubwereza zomwezi.

Opera ndi sewero loyimbidwa, gulu la zoyimbira likuthandizira. Inayambadi m'nyumba za mafumu ku Italy cha m'ma 1600, izo n'zoona. Koma mu 1637 ku Venice, mzinda wa ku Italy komweko, kunatsegulidwa nyumba yoti aliyense wogula tikiti alowe. Lero ku Vienna, likulu la dziko la Austria, amagulitsa matikiti otchipa oonera choimirira. Miyendo imawawa ndithu, koma nyimbo zake n'zomwezo.

Nanga chilankhulo? Ilipo ya m'Chifalansa, Chijeremani, Chirasha ndi Chingerezi, ndipo ku South Africa ayimbapo m'Chixhosa. Kuyambira m'ma 1980, nyumba zambiri zimaonetsa mawu omasulira pamwamba pa siteji, kuti woonera azitsatira nkhani. Chimene chimandigometsa ine n'chakuti oyimbawo nthawi zambiri sagwiritsa ntchito maikolofoni, koma mawu amamveka mpaka kumpando wakumbuyo.

Musangokhulupirira ine. Tsegulani pa intaneti tsamba la nyumba iliyonse ya opera, muone mitengo ndi zimene alemba pa nkhani ya zovala. Onerani kachigawo kamodzi pa YouTube. Zimene simunazitsimikize, chonde musazitumize kumagulu a WhatsApp.