Mbuzi imodzi ya kwa Chapananga ndi masheya a makampani aang'ono

Tsiku lina Lachisanu, dzuwa la ku Nchalo lili paliwombo, ku ofesi kwanga kunafika bambo wina wachikulire amene anali atangopuma pa ntchito m'minda ya nzimbe. Ndalama zake za penshoni zinali zitalowa kale ku banki, ndipo m'thumba la malaya ake munali tsamba la nyuzipepala lopinda kanayi, lija limasonyeza mitengo ya masheya, timagawo ta umwini wa kampani, pa msika wa ku Blantyre. Anayala tsambalo pa tebulo, n'kuloza kampani imene sheya yake inali ya makwacha ochepa kuposa zonse, ndipo anati: "Achimwene, ine ndikufuna iyi. Enawa ndi a mabwana, koma iyi ndi yotchipa, ndipo zikuoneka kuti anthu sanaione." M'mawu amenewa munali mfundo yoona ndi ina yosokeretsa. N'zoona kuti pali makampani amene ogula akuluakulu amawalambalala, moti nthawi zina masheya awo amagulitsidwa motsika kuposa mmene ayenera kukhalira. Chosokeretsa n'kuganiza kuti sheya ya makwacha ochepa ndiyo yotchipa.

Tiyambe ndi kulambalalako. Tonse a kuno ku Chigwa cha Shire timawadziwa ogula ng'ombe amene amatsika zitunda za ku Thabwa ndi lole kuchokera ku Blantyre, ulendo wa ku Ngabu. Munthu wotere ngakhale mutamuuza kuti kwa Chapananga kuli mbuzi imodzi yonenepa imene mwini wake akuigulitsa pa theka la mtengo, sangapatuke, chifukwa mafuta a lole ndi tsiku limene lingatayike pa msewuwo zimaposa phindu la mbuzi imodzi. Mbuziyo ilibe chilema. Yangochepera lole, ndipo amene adzaigule ndi wa njinga wa m'mudzi woyandikana nawo.

Matumba a penshoni ndi makampani a inshuwalansi, amene amasunga mabiliyoni a anthu ambiri, ali ngati mwini lole uja. Akaika ndalama zochepa mu kampani yaing'ono, phindu lake silionekera n'komwe m'mabuku awo ngakhale mtengo wa sheyayo utakwera kawiri. Akati aike zambiri, iwo omwe amakweza mtengo asanamalize kugula, ndipo tsiku lofuna kugulitsa sapeza wina wamphamvu zofanana nawo woti awalandire. Kuwonjezera apo, malipiro a katswiri wounika mabuku a kampani yaing'ono sasiyana kwenikweni ndi a wounika kampani yaikulu, choncho akatswiriwo amatumidwa kumene kuli ndalama zambiri. Mapeto ake, lipoti la pachaka la kampani yaing'ono limatuluka popanda woliwerenga mwachidwi, ndipo mtengo wa sheya yake ukhoza kukhala malo amodzi miyezi ingapo pamene malonda a kampaniyo akukula. Mu 1981 katswiri wina wotchedwa Rolf Banz anafalitsa kafukufuku wa msika wa masheya wa ku New York wosonyeza kuti kwa zaka zambiri makampani aang'ono anapindulitsa eni masheya kuposa aakulu. Koma m'zaka zotsatira kusiyanako kunachepa kwambiri, ndipo tisaiwale kuti pakati pa makampani aang'ono ndi pamenenso pamapezeka ambiri ogwa.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi maonekedwe akeake. Malawi Stock Exchange, msika wa ku Blantyre uja, inayamba kugulitsa masheya mu 1996, pamene NICO inakhala kampani yoyamba kulembetsa, ndipo makampani olembetsa ndi ochepa moti mayina awo onse amakwana pa kachigawo kamodzi ka tsamba la nyuzipepala. Kwa woyendetsa thumba la ndalama ku London kapena ku Johannesburg, msika wathu wonse ndi mbuzi ya kwa Chapananga, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kumamuopsezanso, poti akhoza kupindula m'makwacha koma n'kudikira nthawi yaitali asanatulutse madola ake. Matumba a penshoni a m'dziko muno, amene anakula kwambiri lamulo la penshoni la 2011 litakakamiza olemba ntchito ndi antchito kusonkha, amagula masheya n'kuwasunga, chifukwa malo ena oikako ndalama zochuluka chotero ndi ochepa. Ndiponso gawo lalikulu la makampani ambiri lili m'manja mwa mwini mmodzi: pamene Airtel Malawi inalembetsa mu 2020, anthu wamba anagulitsidwa 20 peresenti yokha. Zonsezi zimachititsa kuti masheya oyenda pa msika akhale ochepa, ndipo pali masiku amene makampani ena sagulidwa kapena kugulitsidwa ngakhale sheya imodzi.

Tsono funso loyamba kwa wogula wamng'ono likhale ili: kodi akuluakulu akuilambalala kampaniyi chifukwa cha kukula kwa lole yawo, kapena chifukwa aona kuti mbuziyo ikutsokomola? Ngati chifukwa chili mwa iwo, inu muli ndi mwayi umene iwo alibe. Ngati chifukwa chili mu kampani, mtengo wotsikawo ndi woyenera, ndipo ukhoza kutsikirabe. Yankho lake limapezeka m'mabuku a kampani, ndipo poyambira ndi pamene bambo aja anasokera.

Tiyerekeze makampani awiri ongopeka. Yoyamba sheya yake ndi K20, ndipo phindu limene inapanga chaka chatha, likagawidwa pa masheya ake onse, sheya iliyonse ikupeza 50 tambala. Yachiwiri sheya yake ndi K2,000, koma phindu pa sheya iliyonse ndi K400. Munthu wa K200,000 akagula yoyamba apeza masheya 10,000, nambala yosangalatsa kuitchula pa bawo, koma wagula phindu la K5,000 pachaka. Akagula yachiwiri apeza masheya 100 okha, koma wagula phindu la K40,000. Phindu likapanda kusintha, yoyamba ingatenge zaka 40 kuti ibweze mtengo wake, pamene yachiwiri zaka zisanu zokha. Kugawa mtengo wa sheya ndi phindu lake chotere ndi kumene akatswiri amakutcha P/E, ndipo nambala imeneyi imakhala ndi tanthauzo mukaiyerekeza ndi ya makampani ochita malonda ofanana, banki ndi banki inzake, hotela ndi hotela inzake.

Phindu lolembedwa nalonso liyenera kufunsidwa mafunso. Mwini golosale wa ku Bangula akhoza kukuuzani kuti mwezi uno wagulitsa katundu wambiri, pamene theka la katunduyo lili m'kope la ngongole ndipo m'kabati mulibe ndalama yokaodera wina. Makampani nawo amatero. N'chifukwa chake ine ndikatsegula lipoti la pachaka ndimathamangira kaye tsamba losonyeza ndalama zenizeni zimene zalowa ndi kutuluka, ndisanawerenge uthenga wa wapampando, umene kawirikawiri umakhala wokoma. Ngati kwa zaka zitatu kapena zinayi phindu likukwera koma ndalama zolowa kuchokera ku malonda sizikukwera, pamene ngongole za makasitomala zikutupa, pamenepo pali nkhani. Makampani okhala ndi nyumba ndi malo ali ndi kanthu kenanso kofunika kukasamala: nyumba zawo zikawerengedwanso mtengo, kukwerako kumalembedwa ngati phindu, chonsecho palibe tambala yalowa. Phindu lotere si lonama, koma simungagawane.

Kenaka pali kwacha. Mu Meyi 2022 mphamvu yake inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Kampani imene inali ndi ngongole ya madola inagona ndi ngongole imodzi n'kudzuka ndi ina yokulirapo, pamene yogulitsa katundu kunja inapeza makwacha ambiri pa dola iliyonse. Choncho onani ngati ngongole za kampani zili m'makwacha kapena m'madola, komanso ngati zipangizo zake zimachokera kunja. Onaninso kukwera kwa mitengo ya zinthu, chifukwa kampani imene phindu lake lakwera ndi 20 peresenti m'chaka chimene mitengo yakwera ndi 30 peresenti yabwerera m'mbuyo, ngakhale nyuzipepala zilembe kuti yapambana. Ndipo popeza boma limabwereka ndalama kwa anthu kudzera mu ma Treasury bill pa chiwongoladzanja chodziwikiratu, sheya iliyonse iyenera kukulonjezani zoposa pamenepo kuti mulolere chiopsezo chake.

Pali chinthu chimodzi chimene ife a kuno tili nacho chimene katswiri wokhala mu ofesi yozizira alibe, ndicho maso. Illovo si kampani yaing'ono pa msika wathu, ndipo sindikuitchula pokulimbikitsani kugula, koma ndi chitsanzo chimene aliyense pano angachimve. Wokhala ku Nchalo amaona yekha ngati nzimbe zakula bwino, ngati fakitale yayamba kugaya pa nthawi yake, ngati magalimoto a shuga akutuluka motsatana. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, ndi Freddy atasefukiza Chigwa mu Malichi 2023, anthu a kuno ankadziwa minda imene madzi angodutsamo ndi imene yakwiririka ndi mchenga, nkhaniyo isanalembedwe m'lipoti lililonse. Kusiyanitsa tsoka la chaka chimodzi ndi matenda okhalitsa ndiko luso lalikulu pa ntchito imeneyi, chifukwa msika umakonda kutsitsa mtengo mofanana pa zonse ziwiri. Maso omwewo angakuuzeni banki imene mizere yake ikutalika ku Chikwawa boma, kapena netiweki ya foni imene maejenti ake achuluka ku Nsanje. Komabe zimene mwaona pa msika umodzi sizikuimira dziko lonse, ndiye zikhale poyambira kufufuza basi. Ndichenjezenso ogwira ntchito m'makampani olembetsa kuti kugula kapena kugulitsa masheya potengera chinsinsi cha mu ofesi chimene anthu onse sanauzidwe ndi mlandu.

Za eni ake ndinene mwachidule. Mu kampani imene mwini mmodzi ali ndi masheya oposa theka, inu ndinu mlendo pa mphasa, ndipo chitetezo chanu ndi khalidwe la mwiniyo. Onani ngati kampaniyo yakhala ikugawa dividendi (gawo la phindu limene eni masheya amalandira) mokhazikika, ngati imatulutsa malipoti ake pa nthawi, zimene owerengera mabuku oima paokha alemba, ndi ndalama zimene imalipira makampani achibale a mwini wamkuluyo. Zonsezi zimalembedwa chakumapeto kwa lipoti, m'masamba a zilembo zing'onozing'ono amene ambiri safikako.

Chimene chimapweteka kwambiri ndinachiphunzira ndi thumba langa lomwe. Zaka zingapo zapitazo ndinagula masheya a kampani ina yaing'ono nditawerenga mabuku ake bwinobwino, ndipo mawerengedwe anga sanalakwike, poti phindu linkakula chaka ndi chaka. Cholakwa changa chinali chakuti ndinaikamo ndalama zimene zinali ndi ntchito kale. Itakwana nthawi ya fizi, ndinauza buloka, mkhalapakati wogulira ndi kugulitsira anthu masheya, kuti agulitse, koma sabata zinatha popanda wogula pa mtengo umene unkalembedwa mu nyuzipepala. Mtengo wa mu nyuzipepala ndi wa malonda omaliza, amene mwina anachitika kale ndithu ndipo anali a masheya ochepa. Pomaliza ndinatsitsa mtengo kuti ndipeze wogula, n'kutaya gawo lalikulu la phindu limene ndinkaliwerengera. Kusowa kwa ogula kumene kunandipatsa sheyayo motchipa n'kumenenso kunanditsekera khomo potuluka. Kuyambira pamenepo ndimafunsa buloka kuchuluka kwa masheya a kampaniyo amene agulitsidwa m'miyezi yapitayi ndisanagule, ndipo ndimaikamo ndalama zokhazo zimene sindidzazifuna kwa zaka zisanu. Amene ndalama zake n'zoyembekezera mbewu ya thonje kapena kukonza nyumba madzi akaphwa, kuli bwino azisiye ku banki kapena ku banki mkhonde.

Masheya a pa Malawi Stock Exchange amagulidwa kudzera mwa mabuloka okhala ndi chilolezo chochokera ku Reserve Bank of Malawi, ndipo pa kugula ndi kugulitsa pali kandalama kolipira, pamene dividendi imadulidwa msonkho isanafike kwa inu. Munthu wokutumizirani uthenga pa WhatsApp kuti ali ndi masheya a kampani yobisika imene akuluakulu sanaidziwe, n'kukupatsani nambala ya foni yotumizirako ndalama, mufunseni chilolezo chake. Nthawi zambiri kucheza kumathera pomwepo.

Bambo aja ndinawasindikizira malipoti a makampani atatu, kuphatikizapo imene anailoza ija. Anabweranso patatha sabata ziwiri, masamba ali odetsedwa ndi pensulo, mwana wawo wamkazi wa ku sekondale atawathandiza kumasulira Chingerezi. Funso lawo loyamba linali lakuti n'chifukwa chiyani kampani imodzi mwa zitatuzo inali ndi phindu lalikulu koma ndalama zochepa ku banki, ndipo tinakhala ola lathunthu pa tsamba limenelo. Anasankha kuika gawo limodzi mwa magawo asanu a penshoni yawo m'makampani awiri, zotsalazo n'kuzisiya kumene angazitenge msanga. Lolemba lotsatira anakwera minibasi ya m'mamawa kupita ku Blantyre kukatsegula akaunti kwa buloka, atanyamula chiphaso chawo cha unzika ndi mapepala aja mu jumbo.