Mpheta yopachikidwa ku Zakopane

Anyamata awiri akuyenda pamsewu wafumbi dzuwa likuswa mtengo, kufupi ndi Zakopane, tauni ya m'tsinde mwa mapiri a Tatra kum'mwera kwa Poland. Atapatukira m'katchire, akupeza mpheta yakufa italendewera pa waya, pamwamba poti mwana sangafikirepo. Ambirife tikanangoti ndi malodza n'kupitiriza ulendo. Awiriwa, Witold ndi Fuks, mpheta ija yawakhala m'mutu. Umu ndi momwe limayambira buku la Kosmos la Witold Gombrowicz, mlembi wa ku Poland, lomwe linatuluka mu 1965.

Akapeza chipinda m'nyumba yogona alendo ya banja la a Wojtys, chilichonse chimasanduka chizindikiro. Mlomo wopindika wa wantchito Katasia, wovulala pangozi, Witold amaulumikiza ndi mlomo wa Lena, mwana wa eni nyumba. Kamzere kapadenga akuti ndi muvi, ndipo ataulondola akupeza kamtengo kakulendewera pa ulusi pakhoma la kumunda. Kenaka, posapirira kudikira chizindikiro chachitatu, Witold amapotokola khosi mphaka wa Lena n'kumupachika yekha. Apa m'pamene bukuli limandizizira m'nkhongono: wofufuza mlandu uja ndiye akupanga umboni kuti nkhani yake igwirizane.

Sikuti Gombrowicz anangotola dzina la Zakopane. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, dokotala Tytus Chałubiński atatchukitsa mpweya wa m'mapirimo, odwala chifuwa ndi anthu a zaluso ankadzazana m'nyumba zogona alendo, anthu osadziwana akudyera patebulo limodzi milungu yathunthu, kuyang'anana pakamwa. Gombrowicz, amene anabadwa mu 1904 ndipo chifuwa chinkamuvuta, ankapitako ali mnyamata. Tebulo lotopetsa lija ankalidziwa bwino.

Koma bukuli analilembera kutali. Mu 1939 anakwera sitima yapamadzi yatsopano ya Chrobry pa ulendo wake woyamba wopita ku Buenos Aires, ngati mlendo woitanidwa chabe. Anafika mu August, ndipo pa 1 September Germany inalowa m'Poland. Sanabwererenso. Anakhala ku Argentina zaka pafupifupi 24, poyamba mu umphawi wadzaoneni, kenaka pa ntchito yomwe ankadana nayo ku banki ya Banco Polaco kuyambira 1947 mpaka 1955. Ena mwa anzake a ku Poland ankamunena kuti anathawa nkhondo, ndipo mlandu umenewu anauika m'buku lina, Trans-Atlantyk. Ine ndimaona kuti munthu amene moyo wake wonse unakhotetsedwa ndi tikiti imodzi ya sitima sakanalephera kufunsa ngati zochitika zili ndi tanthauzo kapena timangozipatsa tokha.

Kosmos anaiyamba ku Argentina n'kuimalizira ku Ulaya. Mu 1963 bungwe la Ford Foundation linamuitanira ku West Berlin, kufupi kwambiri ndi kwawo, koma nyuzipepala za boma lachikomyunizimu la Poland zinamunyoza kwambiri chaka chomwecho, ndipo malire sanawoloke. Anakakhazikika ku Vence, kum'mwera kwa France.

Bukuli linasindikizidwa ndi Instytut Literacki, kampani ya anthu a ku Poland othawira ku France yomwe ankaitsogolera Jerzy Giedroyc, ndipo ku Poland linkalowa mozembetsa. Mu 1967 linapata mphoto ya Prix International de Littérature. Gombrowicz anamwalira ku Vence mu July 1969, ndipo Kosmos inadzasindikizidwa poyera kwawo mu 1986.

Woyembekezera kuti wopachika mpheta adziwika kumapeto adzakhumudwa. Mwamuna wa Lena, Ludwik, amapezeka atalendewera pamtengo, kumagwa chimvula, Witold amabwerera ku Warsaw, ndipo mzere womaliza umangotiuza kuti tsiku limenelo anadya nkhuku.