Radiotherapy: boma limalipira chiyani, nanga wodwala afunse chiyani?

Radiotherapy ndi chithandizo cha khansa chogwiritsa ntchito cheza champhamvu kupha maselo a chotupa. Ena amati "kuwotcha", koma moto palibe. Mumagona pa kabedi, makina n'kumakuzungulirani kwa mphindi zochepa, osamva ululu pa nthawiyo, ndipo mukatuluka mutha kunyamula mwana popanda chiopsezo. Pafupifupi theka la odwala khansa amafunika chithandizochi, ena kuti achire, ena kuti ululu kapena kutaya magazi kuchepe.

Ndi chithandizo chodula, ndipo kudulako sikuthera pa kugula makina. Chipinda chake chimafuna makoma a konkire okhuthala kwambiri kuti cheza chisadutse. Makina otchedwa linear accelerator amafuna magetsi osazimazima, ndipo akatha zaka pafupifupi 10 amayenera kusinthidwa. Makina ena ogwiritsa ntchito cobalt-60, chitsulo chotulutsa cheza, ndi opirira, koma mphamvu ya cobalt imatsika ndi theka pa zaka 5 ndi miyezi 3 iliyonse, choncho imagulidwanso. Pamafunikanso dokotala wa khansa, katswiri woyeza mlingo wa cheza, oyendetsa makina, anamwino ndi mainjiniya, onse ophunzira zaka zambiri. Apa ndi pamene bajeti zambiri zimapunthwa: ndalama yogulira makina imapezeka, mwambo wotsegulira n'kuchitika, koma yokonzetsera makina akawonongeka n'kusowa. Makina amodzi amathandiza odwala pafupifupi 500 pa chaka, ndiye tangoganizani akaima miyezi itatu.

Mayiko amalipira mosiyanasiyana. Ku United Kingdom, wodwala salipira kanthu m'zipatala za boma za NHS chifukwa misonkho idalipira kale. Ku Australia, boma limapereka ndalama zothandizira kugula makina ku zipatala za boma ndi za eni ake zomwe, ndipo Medicare, inshuwaransi ya zaumoyo ya boma, imalipirako chithandizo cha wodwala. Maboma ena amachita mgwirizano ndi chipatala cha eni ake kuti chizilandira odwala a boma pa mtengo wogwirizana, pomwe kumene makina kulibiretu boma limatumiza odwala kunja, njira yodya ndalama zambiri pa anthu ochepa. Bungwe la IAEA, loona za mphamvu ya nyukiliya pa dziko lonse, lomwe likulu lake lili ku Vienna, lidayambitsa ntchito ya Rays of Hope mu 2022 pofuna kuthandiza mayiko amene makinawa ndi ochepa kapena kulibe.

Kupatsa ndalama za boma chipatala cha eni ake si kulakwa, bola mzere wa odikira ufupike ndipo wosauka asabwezedwe pakhomo. Koma musaganize kuti boma likaikapo dzanja ndiye kuti zonse ndi zaulere. Musanayambe, funsani kuti boma likulipira gawo liti ndipo lanu ndi liti, ndipo akulembereni papepala. Funsani ngati kujambula mkati mwa thupi kwa CT kokonzekera chithandizo, kuyeza magazi ndi mankhwala zili mu mtengo womwewo. Ngati muli ndi inshuwaransi, afotokozereni achipatala msanga. Funsaninso za thandizo la mayendedwe ndi malo ogona, komanso kumene adzakutumizeni makina akadzawonongeka muli pakati pa chithandizo.

Funso lomalizali ndi lalikulu. Nthawi zambiri radiotherapy imaperekedwa masiku 5 pa sabata kwa masabata angapo, ndipo masiku odumphidwa amapatsa maselo a khansa mpata wochulukananso. Pa khansa ya khomo la chiberekero, madokotala amafuna kuti chithandizo chonse, kuphatikizapo brachytherapy yoika cheza mkati pafupi ndi chotupa, chithe m'masabata 8. Khungu likayamba kufiira, mukamatopa kwambiri, kapena ndalama ya ulendo ikakutherani, musangokhala kunyumba. Uzani namwino kapena dokotala wanu tsiku lomwelo kuti aone chochita ndi masiku otsalawo.