Timing belt siilira isanaduke

Pagalaja pathu ku Highfield, mu Harare, anthu amakonda kundiuza kuti, "A makaniko, tamverani injiniyi, timing belt ikadali bwino?" Ine ndimawayankha kuti khutu silingadziwe zimenezo. Lamba amene amalira akayamba kutha ndi fan belt, uja mumamuona mukatsegula boneti. Timing belt imabisala kuseri kwa chivindikiro, ndipo nthawi zambiri imayenda phee mpaka tsiku loduka.

Ntchito yake ndi kulumikiza crankshaft (chitsulo chozungulitsidwa ndi mapisitoni) ndi camshaft (chitsulo chotsegula mavavu) kuti mavavu ndi mapisitoni azipatsana mpata. Ikaduka pa injini ya dizilo ya 5L, ija ya makombi a Hiace, pisitoni imamenya mavavu n'kuwapinda, ndiye basi tiyenera kutsitsa cylinder head yonse. Pa 5A ya Corolla yakale kapena 3S ya Ipsum galimoto imangozima, mumalipira yokukokani ndi lamba watsopano. A Honda Fit ndi a injini ya 1NZ musavutike, zanuzo zili ndi tcheni.

Toyota zambiri zakale amati tizisintha pa makilomita 100,000. Koma galimoto za ex-Jap, zija zochokera ku Japan, zimabwera zitayenda kale, ndipo nambala ya padashibodi ena amaibweza mmbuyo. Kanyale kolembedwa T-BELT nako kamangowerenga makilomita, sikaona lambayo, ndipo aliyense wodziwa pokanikiza angathe kukazimitsa osasintha kanthu.

Ine ndimayamba ndayang'ana kasitika kamene makaniko a ku Japan amamata painjini akasintha lamba. Pamalembedwa makilomita ndi chaka, koma chakacho nthawi zambiri chimakhala cha kawerengedwe ka kwawo. Mukaona H24, wonjezerani 1988, mupeza 2012. Bambo wina wa ku Mufakose ankaumirira kuti 24 imeneyo ndi 2024, mpaka tinatsegula n'kumuonetsa mano a lamba atang'aluka m'tsinde. Labala amakalamba ngakhale galimoto ikungogona pabwalo. Akapitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ine sindimudaliranso. Ngati palibe sitika kapena lisiti, sinthani.

Ndipo musasinthe lamba yekha. Tensioner, yomwe imakunga lamba, ndi kapule kake zikalimba zimadula lamba watsopano. Seal yotchinga oyilo ikamadontha, oyilo amafewetsa labala. Pa 3S, water pump imazungulitsidwa ndi lamba yemweyo, choncho ilowe yatsopano tidakali pomwepo, kusiyana n'kudzalipira kawiri ntchito yomasula. Mukapita ku Kaguvi Street kukagula, funsani Gates, Mitsuboshi kapena Dayco, ndipo mtengo ukatsika modabwitsa muziukayikira.

Inu amene mukukonza ulendo wakumudzi pa Khirisimasi kudzera ku Nyamapanda ndi Tete, bweretsani galimoto mu Novembala, iyambe yayenda masabata angapo muno m'tauni. Ntchito ikatha muuzeni makaniko akupatseni lamba wakaleyo m'manja, ndipo alembe tsiku ndi makilomita ndi penti pachivindikiro.